Waya wa Eliness

Eliness anathamanga msika wonse wa Chipyela thukuta lili kamukamu, akufunsa chinthu chimodzi chokha: waya wachitsulo woonda.

"Wa kopa ulipo, mwanawe," anatero wokonza mawailesi.

"Wa kopa sugwira maginito, bambo! Ndikufuna wachitsulo."

"Dikira sitima Loweruka."

Loweruka? Kunali kutali! Mpikisano wa sayansi unali utayamba kale m'mawa womwewo, ndipo wopambana akapita ku Mzuzu kukaimira chilumba chawo chonse.

Makina ake ojambula mawu anali ochititsa chidwi ngakhale anali onyansa. Anaphwasula lamya yakalekale imene inkachita dzimbiri m'nyumba ya malume ake, natenga cholankhulira ndi chomvera. Munthu akamalankhula uku wina akupukusa chitini chokulungidwa waya, kamaginito kankasiya mawuwo pa wayapo. Vuto linali lakuti pofuna kujambula mawu atsopano, ankayenera kufufuta akale podutsitsa maginito.

Waya anali nawo umodzi basi, umene bambo ake adamugulira ku Nkhata Bay. Iwo ndiwo adayamba kulankhulamo, akuseka. Patangopita masiku ochepa, mphepo ya mwera idawapeza pakati pa nyanja pochokera kutsidya ku Cobue, ndipo bwato lidabwera lokha. Chiyambire maliro, Eliness anali asanauze mayi ake zimene zinali pa wayapo, poopa kutosa chilonda.

Anabwerera kusukulu chimanjamanja. Oweruza anali atafika kale pa tebulo lake.

"Tamva kuti makinawa amagwira mawu," anatero mayi wina wa mandala. "Ndilankhulemo ine, kenako timve."

"Mverani kaye amene alimo kale," Eliness anachonderera.

Mayiwo anaika chomvera kukhutu, nagwedeza mutu. "Akumveka ndithu. Koma tingadziwe bwanji kuti anajambula ndi makina omwewa? Tione ndi maso."

A Hamilton, aphunzitsi a sayansi, anamunong'oneza: "Fufuta msanga, iwe. Mwayi subwera kawiri. Mzuzu ndi uyu!"

Iwo sankadziwa kuti mawuwo ndi a yani. Eliness anatola maginito. Ku Mzuzu ankakufunitsitsa, osanama. Chaka chonse ankalota atakwera sitima, anzake akumubayibitsa padoko. Anayandikiza maginito mpaka kutsala pang'onong'ono kukhudza waya, misozi ili lengelenge.

Kenako anabweza dzanja, naika maginitowo m'thumba.

"Pepani, sindingathe."

Oweruza anayang'anana, nalemba zawo, napita pa tebulo lina. Mphoto inapita kwa mnyamata wa mbaula yosatulutsa utsi. Eliness analira njira yonse yopita kwawo ku Mbungo, makina ali pamutu ngati mtolo wa nkhuni.

Anapeza mayi ake akuyanika chinangwa cha kondoole pathandala.

"Wapambana?"

"Ayi. Koma khalani pansi, amayi."

Anawapatsa chomvera, nayamba kupukusa chitini. Kunamveka kukhwekhwereza, kenako mawu aang'ono, ngati a munthu woitana ali kutsidya:

"Kakumva ine aka? He he! Amake Eliness, tabwerani mudzaone misala ya mwana wanu!"

Mayiwo anadzidzimuka. "Ndabwera," anayankha asanaganize, kenako anagwira pakamwa.

Nkhuku zinkajompha chinangwacho popanda woziingitsa. Atapukuta maso ndi chitenje, mayiwo anakanikizanso chomvera kukhutu.

"Pukusanso, mwanangu."