Njerwa za Jairos

Chogwirira cha sutikesi chidaduka pomwe basi inkafika pa siteji ya kuboma la Phalombe. Mabuku, zitenje ndi kathumba ka nandolo zidamwazikira m'fumbi, Selestina n'kungoti kakasi. Udali ulendo wake woyamba wopita ku yunivesite ya Mzuzu, ndipo udayamba ndi manyazi.

"Musadandaule achemwali, katundu akagwa chonchi ndiye kuti akukana kuchoka kwawo," adatero mnyamata wina wamtali, akutola mabukuwo. Adamasula mphira wa panjinga yake n'kumanga sutikesiyo mpaka idati gwa.

"Zikomo kwambiri, achimwene."

"Ulendo wa kuti ndi mabuku onsewa?"

"Ku Mzuzu, kusukulu."

"Ku Mzuzu! Nanga ife otsala kuno tiziona chiyani, maluwa onse akamathawira kumpoto?"

Selestina adayesa kuuma nkhope, koma kumwetulira kudamupulumuka. Mnyamatayo adati dzina lake ndi Jairos, mlangizi wa zaulimi, ndipo basi isananyamuke adali atalemba kale nambala yake ya foni kuseri kwa tikiti. Pakamwa adali napo mwana wa eni ake, zimenezo tisamunamizire.

Ku Mzuzu kudamuzizira Selestina, kunja ndi mumtima momwe. Mvula yamawawa inkagwa osatopa, anzake ankacheza m'Chitumbuka iye n'kumangoseka nawo osadziwa chosekedwa. Kwawo, kufupi ndi Nkhulambe, kudali ulendo wa masiku awiri, ndipo ankapitako kawiri kokha pachaka. Loweruka ena akamalandira alendo, iye ankachapa zovala zomwe adachapa kale dzulo lake.

Ngakhale maphunziro omwe adamusankhira sadali a kumtima kwake. Adamupatsa uphunzitsi wa sayansi, pomwe iye ankafuna udokotala. Bambo ake adamwalirira panjira, ali pa machira, anthu akuthamangira nawo kuchipatala. Selestina adali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndiye ankatsatira pambuyo atanyamula nsapato zawo. Kuyambira tsikulo adalibenso loto lina.

Chomutenthetsa mtima chidali kafoni kake kakang'ono. Kakangolira, ankadziwa mwini uthengawo.

"Duwa langa la m'phiri, wadya? Ukawonda ndidzakasuma kwa akuluakulu a sukulu."

"Sele wanga, kalongonda wapsa kuno koma sakukoma. Akusowa iwe."

"Ndalumbira pali Mulungu, chala changa sichidzalawa mphete ya munthu wina."

Ankawawerenga mauthengawo mpaka kuwaloweza. Ndani akanamudzudzula? Munthu wosungulumwa, ngakhale mawu atatu amamukwana chofunda.

M'chaka chachiwiri mudabwera uthenga womwe udamulizitsa ndi chimwemwe. "Mayi wa ana anga, ndayamba kuumba njerwa za nyumba yathu. Ndikuumbira kudambo, dothi la kumeneko ndi labwino. Zikapsa, ngolo idzazitula pakhomo pa mayi ako." Kwawo kwa Selestina mwamuna ndiye amatsata mkazi, n'kumanga nyumba pamalo a apongozi ake. Njerwa zikatulidwa pakhomo pa mtsikana, mudzi wonse umadziwa kuti nkhani yatha.

Chaka chomwecho Selestina adalembera ku koleji ya ku Zomba kupempha kuti asamukireko, akachite sayansi yeniyeni. Ophunzira okhoza bwino kumeneko ndiwo ankatengedwa kupita ku sukulu ya udokotala ku Blantyre. Yankho lidamupeza akulongedza katundu wa patchuthi. Adamulola! Koma adayenera kukayambiranso chaka choyamba, ndipo palibe adamulonjeza kuti udokotalawo adzaupezadi. Kalatayo idati ayankhe pofika Lachisanu la sabata yachitatu, apo ayi malowo apatsidwa kwa wina.

Atafika kwawo adakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, malo okhawo omwe netiweki inkagwira, n'kumuimbira Jairos. Mawa lake mnyamatayo adatulukira pa njinga, malaya atasitidwa bwino. Adakhala pansi pa mtengo wa mango, kalata ili pakati pawo.

"Mwaiona, a Jairos? Khomo lija latseguka."

Jairos adaiwerenga kawiri. Adaipinda mosamala, kenako adamugwira dzanja.

"Wokondedwa, tandiwerengera zaka. Ziwiri ku Zomba, zisanu ku Blantyre. Zisanu ndi ziwiri! Ukufuna udzandipeze ndili ndi imvi?"

"Koma ku Zomba n'pafupi. Ndizibwera sabata iliyonse, tizionana."

"Kuonana si banja, Sele. Ku Mzuzu kwatsala zaka ziwiri zokha, digiri m'manja, ukwati pompo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nanga akapanda kukutenga ku udokotalako? Udzakhala wataya zonse."

"Ndidawalonjeza bambo anga mumtima..."

"Ine sunandilonjeze? Njerwa zapsa kale, mtima wanga. Ndizisiye zimere udzu zaka zisanu ndi ziwiri?"

Selestina adayang'ana pansi. Jairos adamutukula chibwano ndi chala chimodzi.

"Khala ku Mzuzu, ngale yanga. Ndikudikira ngati mlimi adikira mvula yoyamba. Ukadzatsika basi ndi digiri yako, udzapeza nyumba yofolera malata."

Jairos atachoka, mayi a Selestina adabwera ndi lichero la makaka a chinangwa n'kukhala pomwe adakhala mnyamatayo. Adali mayi wosachuluka mawu, koma maso awo sankaphonya kanthu.

"Mwanawe, mkamwini amadziwika ndi chikombole pakhomo. Njerwa zakezo ine sindinazionepo ngakhale imodzi."

"Zili kudambo, amayi. Zibwera."

"Ankhoswe ake alinso kudambo? Zaka ziwiri, ngakhale malume ake osabwera kudzatipatsa moni! Ndipo kumsika ndamva anthu akunong'ona..."

"Anthu a kumsika alibe tsiku lopuma. Musandiuze, amayi, sindifuna kumva."

Mayiwo adangopeta makaka awo. "Chabwino. Koma sukulu ndi yako, si ya mwamuna."

Masiku adayenda, kalata ili pansi pa pilo. Selestina ankathandiza kukolola nandolo, manja ali m'munda, mutu uli kwina. Akaganiza za Zomba ankadziona atavala choyera, akuthamangira machira pakhomo la chipatala. Akaganiza za Jairos ankaona khonde, kapu ziwiri za tiyi, ndi munthu womufunsa ngati wadya. Ndipo kunena zoona, adali atatopa nako kukhala yekha. Zaka zina zisanu ndi ziwiri za kukhala yekha? Mtima udakana.

Lachiwiri la sabata yomaliza adakhala pa mphasa n'kulemba. Adathokoza akuluakulu a koleji ya ku Zomba, n'kuwauza kuti malowo apatse wina. Misozi idadonthera papepala, iye n'kuipukuta ndi chitenje. Adabwereka njinga ya malume ake n'kupalasa mpaka ku positi ofesi ya kuboma. Adafika pabokosi lofiira n'kuponyamo kalatayo. Idagwera mkati mopanda phokoso.

Adatumiza uthenga pomwepo: "Ndasankha inu." Yankho silidachedwe: "Mngelo wanga! Sudzanong'oneza bondo mpaka kalekale."

Pobwerera adati adzere kudambo, akazione yekha njerwa zomwe adagulitsira loto lake. Ndipo zidalipodi! Uvuni waukulu udali utaphwasulidwa mbali imodzi, njerwa zofiira bwino. Ngolo ya ng'ombe ziwiri idali itadzaza, ndipo bambo wina wachikulire ankamanga goli.

"Moni bambo. Njerwazi ndi za ndani?"

"Za alangizi, a Jairos. Ine ndine Stafford, ndangolembedwa ganyu yotuta."

"Mukupita nazo kuti?"

"Kwa apongozi awo, mayi. Mwana uja waganiza bwino, akumanga."

Mtima wa Selestina udadumpha. Lero lomwe! Ndiye kuti Jairos adafuna kumudzidzimutsa? Adaganiza za nkhope ya mayi ake ngolo ikamalowa pabwalo, n'kuseka yekha. Sadadziulule kwa a Stafford. Adatsika panjinga n'kumaikankha pambuyo pa ngoloyo, pang'onopang'ono, ngati mkwatibwi woperekezedwa. Njerwa imodzi itagwa, adaitola n'kuipukuta fumbi, n'kuibwezera.

Adafika pa mphambano. Njira ya kumanja ndiyo inkapita ku Nkhulambe. A Stafford adakweza chikwapu, ng'ombe n'kukhotera kumanzere.

"Bambo, mwasochera! Njira ndi iyi!"

"Ndisochere ine? Ulendo wachisanu uno, mayi. Ng'ombezi zikhoza kupita zokha."

Selestina adaima pa mphambanopo. Akadatha kubwerera pomwepo, koma mtima wa munthu ndi wokanika, umafuna uone ndi maso. Adatsatira ngoloyo kuwoloka kamtsinje, kudutsa minda ya chinangwa, mpaka pa mudzi wina womwe sadaupondepo chibadwire.

Pabwalo lina padali mulu wa njerwa, ndi maziko okumbidwa kale. Amisiri awiri ankakanda matope. Ndipo uyo adagwira chingwe, akuyeza ngodya ya nyumba, malaya atakolekedwa pa mtengo wa papaya, adali Jairos.

Selestina asadatsegule pakamwa, m'khitchini mudatuluka mtsikana atanyamula chidebe cha thobwa. Adali wamng'ono kwa Selestina, wankhope yofatsa, ndipo chitenje chidamangidwa pamwamba pa mimba yooneka. Ataona mlendo adagwada mwaulemu.

"Takulandirani, achemwali. Ine ndine Gertrude. Abambo a Jairos, alendowa ndi achibale anu?"

Jairos adatembenuka. Chingwe chidamupulumuka m'manja.

"Ndi... ndi mwana wasukulu. Ndimamulangiza za maphunziro."

Mwana wasukulu! Duwa la m'phiri, ngale, mayi wa ana, zonse zija zidathera pamenepo? Gertrude adamutungira thobwa m'kapu n'kumupatsa ndi manja awiri. Selestina adalandira, pakuti mtsikanayo adalibe chifukwa, koma kumwa kudamukanika.

Jairos adamukokera kuseri kwa mulu wa njerwa, thukuta lili kamukamu.

"Sele, ndimvere kaye. Zinangochitika. Iwe unali kutali, ine ndine munthu. Akwawo anandigwira pakhosi, ndikanatani? Koma mtima wanga uli kwa iwe, ndikulumbira..."

"Musalumbire, mwalumbira kokwana." Mawu ake adatuluka otsika, iye mwini adadabwa. "Za mimbazo sindifunsa. Ndifunsa chimodzi. Munadziwa kuti nyumbayi si yanga. Nanga munandiletseranji kupita ku Zomba?"

Jairos adakanda dothi ndi chala cha kuphazi.

"Ndiyankheni, a Jairos. Kalata ndaponya m'mawa uno. Ndakana udokotala chifukwa cha inu. Munandiletseranji?"

"Ku Zomba n'pafupi, Sele," adatero monong'ona. "Ukanamabwera sabata iliyonse. Ukanadziwa."

Basi, chifukwa chake chidali chimenecho. Sizidali zaka zisanu ndi ziwiri, sizidali imvi. Munthuyu adamuphera loto la moyo wake wonse kuti bodza lake lipeze pobisala zaka zina ziwiri. Selestina adamva kuwawa komwe sadakumvepo chimwalirire bambo ake.

Adaika kapu ya thobwa pamwamba pa njerwa. Adapita kwa Gertrude n'kumuuza kuti, "Zikomo achemwali, mukhale bwino." Kenako adakwera njinga.

Adapalasa ngati wothamangitsidwa, misozi ikuuma yokha ndi mphepo. Sadalowere kwawo. Adabwerera kuboma, n'kukafika pa positi ofesi miyendo ili mbuu ndi fumbi.

"Mayi, ndaponya kalata m'mawa uno. Ndalakwitsa. Chonde ndibwezereni!"

Mayi wa pakauntala adamuyang'ana mwachisoni. "Pepa mwanawe, thumba lapita ndi basi ya masana. Ndipo kalata ikalowa m'bokosi sitibweza."

Selestina adatsamira khoma. Dziko lonse lidachita ngati lamufulatira. Kenako adadzutsa mutu.

"Kalata ya ku Zomba imayenda masiku angati?"

"Imadzera ku Limbe. Masiku awiri, mwina atatu."

"Nanga munthu?"

Mayiwo adamuyang'anitsitsa, n'kuloza kunja ndi cholembera. "Matola a ku Jali anyamuka posachedwa. Ukafika ku Jali, Zomba wayandikira."

Adasungitsa njinga kwa mayiwo, n'kuwapempha atumize mawu ku Nkhulambe kuti asamufunefune. Adalibe chovala chosinthira, adalibe wachibale ku Zomba, ndipo sankadziwa ngati akuluakuluwo adzamumvera mtsikana wobwera kudzatsutsa kalata yake yomwe. Adakwera kumbuyo kwa galimoto ya matola, n'kudzipanikiza pakati pa matumba a nandolo ndi amayi a geni omwe sankamudziwa.

Foni idalira m'chikwama. Idaliranso. Adaizimitsa osaiyang'ana.

Galimoto itayamba kugwedezeka pa msewu wafumbi, adang'amba pepala m'kabuku kake n'kulitsamiritsa pabondo. Cholembera chinkadumpha ndi mabampu, zilembo zikupita uku ndi uku, maso osaona bwino. Mayi wina woyandikana naye adamufunsa, "Mwalandira uthenga wa maliro, mwanawe?"

"Ayi mayi," adayankha Selestina, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikupita kusukulu."

Ndipo adapitiriza kulemba: "Kalata yomwe ikubwera m'mbuyomu musaimvere. Malo aja ndi anga, ndabwera ndekha kudzawatenga."