Chingwe cha Kankhanu

Mtsikana wina, dzina lake Namondwe, anali ndi khumbo limodzi lokha. Ankafuna kuti mlongo wake wamng'ono ayambe kuyenda.

Namondwe ankakhala m'boti. Inde, m'boti! Nyumba yawo inali yomweyo. Munali kachipinda kogona. Munali kakhitchini. Munali tebulo lokhomerera pansi. Pamwamba panali thanga, chinsalu chachikulu chokoka mphepo. Mphepo ikawomba, boti linkayenda. Lero doko ili, mawa doko lina.

M'botimo munali anthu anayi. Munali Abambo, Amayi, Namondwe ndi mlongo wakeyo. Mwanayo ankamutcha Kankhanu. Pajatu ankakwawa chammbali ngati nkhanu. Ndipo akagwira chinthu, kumulanda inali ntchito!

Boti silikhazikika. Limapendekera uku. Limapendekera uko. Choncho m'botimo munali lamulo.

"Gwira!" ankatero Amayi.

"Gwira chingwe!" ankatero Abambo.

"Gwiritsa, Kankhanu!" ankatero Namondwe.

Kankhanu ankagwira. Ankagwira tebulo. Ankagwira chitseko. Ankagwira chingwe. Akagwira, ankaima bwinobwino. Akafika padoko, Amayi ankamubereka kumbuyo. Ankaopa kuti angagwere m'madzi.

Kankhanu anatsala pang'ono kukwanitsa zaka ziwiri. Koma anali asanayendepo yekha.

Tsiku lina anaima padoko laling'ono. Amayi anapita kukagula nsomba. Mayi wogulitsa nsomba anali ndi kamwana. Kanali kakang'ono kuposa Kankhanu. Koma kankathamanga ponseponse.

"Wanuyu mutsitseni asewere," anatero mayiyo.

"Sanayambe kuyenda," anayankha Amayi.

"Mwana wamkulu chonchi? Ayi, mayi, pitani naye kuchipatala."

Amayi anangotenga nsomba zawo. Tsiku limenelo sanaimbe nyimbo pophika. Mtima wa Namondwe unawawa kwambiri.

"Ababa, kodi Kankhanu adzayenda?" anafunsa.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero Abambo. "Tikafunse kuchipatala."

Chipatala chinali kutali, kudoko lalikulu. M'mawa Abambo anazula nangula. Anakweza thanga. Ulendo unayambika.

Tsiku loyamba anadutsa mapiri.

"Gwira, Kankhanu!"

Tsiku lachiwiri kunagwa mvula. Mafunde anakula. Mbale zinalira m'kabati.

"Gwira, Kankhanu! Gwiritsa!"

Namondwe anakhala pakona. Anali ndi kachingwe kake kophunzirira kumanga mfundo. Anamanga. Anamasula. Anamanganso. Koma maso ake anali pamiyendo ya mlongo wake.

Tsiku lachitatu anafika.

Chipatala chinali ndi khonde lalitali. Pansi pake panali posalala. Sipankapendekera uku kapena uko. Panalibe chingwe. Panalibe chogwira.

Kunabwera namwino. Anagwira mawondo a Kankhanu. Anapinda timapazi take. Kenako anamuimika pakati pa khonde.

"Tiyeni tione," anatero namwino. Ndipo anamusiya.

Kankhanu anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako anakhala pansi, phwata! Anayamba kulira.

Namwino anamuimikanso. Kankhanu anakhalanso pansi.

Namwino anayamba kulemba papepala. Abambo anavula chipewa. Amayi anagwira pakamwa. Kalanga ine, pakhondepo panali chisoni!

Koma Namondwe anaona kanthu. Sanayang'anenso miyendo. Anayang'ana manja. Timanja ta Kankhanu tinali m'mwamba. Tinkatambasuka. Tinkafumbata. Tinkatambasukanso. Tinkafuna chogwira.

"Anesi," anatero Namondwe mwaulemu, "ndiyeseko ine?"

"Yesa, mwana wanga."

Namondwe anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa kachingwe kaja. Iye anagwira mbali imodzi. Mbali inayo anapatsa mlongo wake.

"Gwira, Kankhanu."

Kankhanu anagwira. Kulira kunatha. Anadzuka. Anaima njii!

Namondwe anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kankhanu anaponya phazi. Namondwe anabwereranso. Kankhanu anaponya phazi lina.

Phazi. Phazi. Phazi.

"Amayi, khalani kutsogoloko," ananong'ona Namondwe.

Amayi anapita kumapeto kwa khonde. Anagwada pansi.

Namondwe anayang'ana chingwe chija. Mawu aja ankamveka m'mutu mwake. Gwira, gwira, usataye! Koma iye anatambasula zala zake. Anataya chingwe.

Kankhanu sanadziwe. Chingwe chinali m'dzanja lake. Mbali inayo inkangokwakwaza pansi. Iye anapitirira.

Phazi. Phazi. Dzandi dzandi. Phazi.

Amayi anatsegula pakamwa. Anafuna kunena kuti, "Gwira!" Koma panalibe choti agwire. Ndiye anatambasula manja awo.

"Bwera," anatero Amayi. "Bwera, mwana wanga."

Kankhanu anaona manja a Amayi. Nayenso anatambasula ake. Chingwe chinagwa pansi. Anaponya phazi. Anaponya lina. M'manja munalibe kanthu. Ndipo anagwera pachifuwa cha Amayi.

Amayi analira. Misozi inali mbwembwembwe. Abambo anabisa nkhope m'chipewa.

Namwino anaika pepala lija m'thumba. Anaseka.

"Miyendo ili bwino," anatero. "Mwanayu sakudwala. Ndi womvera chabe. Munamuuza kuti agwire, iye n'kugwira."

"Zoona," anatero Abambo. "Palibe anamuuzapo kuti abwere."

Abambo anatola kachingwe kaja. Anakabweza kwa Namondwe ndi manja awiri.

"Zikomo, mayi wanga," anatero. "Ife timayang'ana miyendo. Iwe unayang'ana manja."

Kuyambira tsiku limenelo, panali malamulo awiri. M'boti ankati, "Gwira!" Pamtunda ankati, "Bwera!"

M'mawa mwake anaima pagombe la mchenga woyera. Amayi sanamuberekenso Kankhanu. Anamutsitsa pansi. Kenako anayamba kuyala mphasa. Atacheuka, mwana palibe!

Uyo, ali apo! Akuthamangira mbalame, dzandi dzandi, kwinaku akuseka.

"Namondwe!" anafuula Amayi, nawonso akuseka. "Thamanga! Mugwire mwanayo!"