Mphete Imagona M'nyumba ya Maliro

Luming anali kuduladula thunthu la nthochi kuti asakanize ndi gaga wa mpunga, nkhumba yake ikulira m'khola ngati ili naye mlandu, pamene anamva mwamuna wake akuyesa gitala pakhonde. Nyimboyo anaizindikira pomwepo kuti ndi ya pamaliro, ndipo mpeni unaima.

"Pistong, siyani nyimbo imeneyo."

"Yakulakwira chiyani?"

"Wafa ndani?"

"Palibe wafa. Ndi ya chikondwerero."

"Nanga mukuitana ndani?"

Pistong anangoseka n'kupitiriza. Amuna opeka nyimbo ndi otero, makutu awo amamva zingwe za gitala zokha.

Mudzi wa Igtambo uli ndi malilime awiri. Akumtunda amalankhula Chikaraya, akumunsi kufupi ndi msewu amalankhula Chiilongo, ndipo aliyense amati mnzake amalankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Aphunzitsi Remedios, mayi wabwino wosafuna mikangano, anaganiza kuti pakhale tsiku lolemekeza alembi ndi opeka nyimbo a m'mudzimo, m'zilankhulo zonse ziwiri. Alembi anamera paliponse ngati bowa, ngakhale amene sanalembepo kanthu kupatula dzina lawo pathumba la mpunga.

Pamsonkhano wokonzekera ndi pamene Tiyoy Densyo, ndiye kuti amalume Densyo, anakweza chala. Anali nkhalamba yowonda, yokhala yokha kuseri kwa nsungwi, ndipo pa ndakatulo za pamaliro panalibe wompambana. Vuto lake linali loti anthu a ku Igtambo anali atasiya kufa. Chaka chinatha osaika munthu, ndipo Densyo anauma ngati nsomba ya padzuwa, chifukwa luso lake silinkamveka kwina kulikonse.

"Tichite bordoni," anatero. "Wina anene m'Chikaraya, wina ayankhe m'Chiilongo. Mphete ndikubwerekani yanga."

Anthu anayang'anana. Bordoni ndi masewero a pamaliro, oletsa olira kugona. Anthu amakhala mozungulira, manja atafumbata, akuimba n'kumapatsirana mphete mobisa, wina ali pakati kusaka. Wogwidwa nayo amanena ndakatulo yonyodola, mnzake n'kuyankha. Masewero akatha, mphete siichoka. Imagona m'nyumba ya maliro. Aliyense ankadziwa zimenezi, ndi aphunzitsi omwe. Koma alendo a m'tauni anali ataitanidwa kale, ndipo nyimbo za chikondi zokha zikanawagoneka tulo. Anavomera.

Ankayeserera madzulo pabwalo la kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo belu la pemphero la dzuwa likamalowa ndilo linkathetsa masewero. Tsiku loyamba belu linapeza mphete m'dzanja la Abelardo, woyendetsa njinga yamoto ya matayala atatu, amene ankalembera atsikana ndakatulo za Chiilongo zomwe palibe mtsikana anaziyankha.

"Nditani nayo?" anafunsa.

"Sunga, ubwere nayo mawa," anatero Densyo. "Mwina ikupezera mkazi."

Anthu anaseka. Kutacha, mayi wake anamupeza pamkeka atauma, maso ali kudenga, dzanja litafumbata. Oyandikana nawo anati usiku kunkamveka kambalame padenga, tik, tik, tik, ngati munthu akugogoda malata ndi chikhadabo. Luming atapita kukathandiza kuphika anamva fungo m'chipindamo, la mafuta a kokonati ovunda, lokakamira kukhosi.

Bordoni inaseweredwa masiku onse a maliro, pamalo pake tsopano, ndipo Densyo anawala. Ananyodola aphunzitsi, ananyodola wansembe, ananyodola ndi malemu yemwe, anthu n'kumagubuduka ndi phwete. Ankamupatsa mowa wa kokonati wotchedwa tuba ndi nyama ya m'mafupa. Maliro atatha, masaya ake anali atadzaza.

Chithunzi cha Abelardo anachipachika pansalu ya chikondwerero, pamalo pa alembi amene anatisiya, ndipo kuyeserera kunayambiranso. Ulendo uno belu linapeza Manang Basyon, ndiye kuti achemwali Basyon, wolemba nthano za Chikaraya, mayi wamphamvu amene ankanyamula yekha thumba la mpunga. Anaika mphete m'thumba la siketi n'kumapita. Kutacha, nkhuku zake zinkalira m'khola popanda wozitsekulira.

Mphekesera zinayenda msanga kuposa njinga ya malemu Abelardo. Akumtunda anati akumunsi abwezera chifukwa wawo ndiye anayamba kufa. Akumunsi anati ufiti ndi wa kumtunda, kumene anthu amalankhula ndi mitengo. Ena anati ndi madzi a pachitsime. Amayi anapachika adyo ndi mchere pamawindo, ana anayamba kulowa dzuwa lisanalowe, agalu ankauwa molunjika kunsungwi kenako n'kukabisala pansi pa nyumba. Aphunzitsi Remedios anaonda, koma tsiku linali litayandikira, nsalu zosindikizidwa, ndipo anati kusiya kudzakhala kunyoza akufawo.

Luming sanakhulupirire za chitsime. Pamaliro a Manang Basyon anamvanso fungo lija, ndipo atatembenuka anaona Densyo akudutsa ndi mbale, mikono ikunyezimira ngati wodzola. Anakumbukira amene anakhala pambali pa Abelardo tsiku lija. Anakumbukiranso amene anakhala pambali pa Basyon: anali Densyo yemweyo.

"Musakhale nawo pa bordoni ija," anauza mwamuna wake akuchapa mbale.

"Ine ndiye woimba. Ufuna aimbe ndani, nkhumba yako?"

"Mphete ija kulikonse kumene yagona kwagwa maliro."

"Abelardo anali ndi mtima wofooka. Basyon ankadya mafuta."

"Nanga Tiyoy Densyo bwanji sapita nayo kwawo? Si yake?"

Pistong anangoti, "Dzulo amandiyamikira. Akuti pa onse opeka nyimbo, ine ndekha ndine woyenera chithunzi chachikulu. Wandisungira malo pambali pake."

Mbale inaterereka m'manja mwa Luming.

Tsiku la chikondwerero kunadzaza anthu. Mapepala amitundumitundu ankawuluka pazingwe, nthochi zokazinga ndi nsomba zowotcha zikununkhira, alendo a m'tauni akudzipepesa ndi zipewa. Alembi anawerenga, wina m'Chikaraya wina m'Chiilongo, aliyense akuombera m'manja a kwawo okha. Pistong anaimba nyimbo yake ya madzi osefukira ndipo anamuveka nkhata ya maluwa. Luming sanaone zimenezo. Anali m'kansanja ka tchalitchi, akukulunga chogunda cha belu ndi chiguduli n'kuchimanga ndi chingwe cha nkhumba.

Dzuwa litapendeka anaitana bordoni. Densyo anaima, malaya oyera atasita.

"Lero ndi lomaliza," anatero. "Amene belu limupeze ndi mphete, ndi yake. Ndampatsa."

Alendo anaombera m'manja. Anthu a m'mudzi anakhala pansi mochedwa, aliyense akuyang'ana mnzake. Pistong anakhala pamalo amene anamusungira, gitala pamiyendo, nkhope yotuwa koma akumwetulira, poti mwamuna wovala nkhata ya maluwa sathawa pamaso pa alendo.

"Pakati ndikhala ine," anatero Luming.

"Manang Luming?" wina anaseka. "Ndakatulo yanu ndi kutukwana nkhumba basi."

"Lero nditukwana zazikulu."

Nyimbo inayamba. Manja anagwedezeka uku ndi uku. Luming anagwira mwana wa wogulitsa nsomba, nayenso ananena yake yonyoza akumtunda, akumtunda anayankha, anthu anaseka kuseka kwa m'mano. Kenako anasiya kusaka n'kumangozungulira pang'onopang'ono. Anaona mphete ikulowa m'dzanja la Densyo, ndipo sinatulukemo. Dzanja linkagwedezeka ngati la anzake, koma khutu la nkhalambayo linali kutchalitchi. Ankadikira kugunda koyamba kuti aikankhire kwa Pistong.

Mithunzi inatalika. Nkhuku zinayamba kukwera mumtengo wa mango. Woliza belu anakoka chingwe, ndipo kumwamba kunangomveka phu, phu, ngati munthu akumenya pilo. Palibe anamva chifukwa cha nyimbo. Densyo anayang'ana dzuwa, anayang'ana kansanja, thukuta likutsika m'khosi. Mileme inatuluka. Fungo lija linafalikira pabwalo mpaka mlendo wina anatseka mphuno ndi kansalu.

Luming anamugwira pamkono. Unali wozizira ndi woterera ngati mlamba.

"Tsegulani, Tiyoy."

"Mulibe kanthu, mwana wanga."

"Ndiye mukuopa chiyani? Tsegulani."

Gitala inaleka. Anamutambasula zala chimodzichimodzi, ndipo mphete inali pomwepo, yakuda, yonyowa ndi mafuta.

"Wogwidwa ndiye anene," wina anatero motsitsa.

Densyo, amene sanasowepo mawu pamaliro alionse, anangonyambita milomo.

"Ndikunenerani ine," anatero Luming.

"Khwangwala anawonda, m'mudzi mopanda mtembo,
anabwereketsa mphete, masaya n'kudzaza.
Wadya wakumunsi, wadya wakumtunda,
lero akagone ndi mbale yake."

Ananena m'Chikaraya. Aphunzitsi Remedios anaimirira, milomo ili gwa, n'kuibwereza m'Chiilongo kuti aliyense amve. Palibe anaseka.

"Dzuwa lalowa, Tiyoy," anatero Luming. "Mphete yakupezani inuyo. Ikagone kwanu."

"Belu silinalire."

"Si yanu kodi? Mukukana kupita nayo kwanu?"

"Ndati belu silinalire."

Mayi wa Abelardo anayamba kulira mokweza. Amuna anaimirira, akumtunda ndi akumunsi pamodzi, koyamba chiyambire. Densyo anayang'ana uku ndi uku, kenako anaseka, kaphwete kouma kotulukira m'mphuno, tik, tik, tik. Anazembera pansi pa mkono wa Luming, anagwera pa Pistong ndi gitala yake, anadzuka n'kuthamanga ngati mnyamata kulowera kunsungwi. Anamulondola mpaka kukhumbi lake. Anapeza chitseko chotsekula, botolo la mafuta litagubuduka pansi, ndi nthenga zakuda pamkeka. Mwini wake panalibe.

Pistong anafika kunyumba nkhata itafota m'khosi.

"Wandinyazitsa pamaso pa alendo," anatero, kenako anakhala pansi n'kugwira dzanja la mkazi wake osalisiya.

"Mukadakhala ndi chithunzi chachikulu."

"Ndakatulo yako inali yopanda mchere."

"Idyani mugone."

Pistong anadzuka kukapachika gitala pamsomali wake. Ataikweza, m'katimo munamveka kanthu kakugubuduka. Kr-r-r, ti.

Onse awiri anaima. Kunja mdima unali utangoyamba kugwira, ndipo padenga panatera chinthu chopepuka. Malata analira pang'ono.

"Luming."

"Musalankhule."

Tik.

Luming anatenga gitala, anaitembenuza n'kuigwedeza. Mphete inagunda zingwe n'kubwereramo. Tik, tik. Fungo linayamba kutsika kuchokera kudenga. Anagwedezanso, inakana. Anaika gitala pansi n'kuiponda ndi chidendene, ndipo Pistong anabuula ngati wopondedwayo ndi iye. Luming anatola mphete pakati pa zidutswa ndi supuni, osaikhudza, natsika makwerero. Kukaitaya kutchire kunalibe phindu, poti chinthu chotere chimabwerera kumene anachituma. Mphete imafuna nyumba, ndipo pabwalopo panali nyumba ina.

Nkhumba inamulandira ndi kulira kwake kwa masiku onse. Luming anakwirira mphete m'gaga wotsala n'kukankha chodyeramo.

"Pepa, mayi," anatero. "Ndinakutukwana zambiri."

Nkhumba inameza osatafuna. Padenga la nyumba panakhala chete. Kenako chinthu chija chinatera pa udzu wa khola.

Luming anabwerera, anatseka chitseko, anakhala pambali pa mwamuna wake atamugwira malaya mpaka atambala analira. Pistong anali kupuma. Anali kuchita nkonono, munthu wopanda manyazi.

Nkhumba anaipeza itauma, maso ali kumwamba. Oyandikana nawo anabwera ndi mipeni, ati nyama yonseyi isaonongeke, koma Luming anaima pakhomo la khola ndi chikwanje. Anaikwirira yathunthu kuseri kwa nthochi, dzenje lakuya kufika m'khosi mwa munthu, anathirapo mchere n'kuunjikapo miyala. Madzulo ake Pistong anaiimbira nyimbo ya maliro pa gitala yobwereka, ndipo Luming sanamuletse, poti tsopano wakufa analipo.

Mvula itagwa kangapo, Luming anapita kukadula thunthu la nthochi. Anapeza miyala itasanjidwa pambali mwadongosolo, dzenje lili pululu, m'mbali mwake muli mikwingwirima ya zala. Nkhumba inali momwemo, yosadyedwa, koma mimba yake itang'ambidwa.

Sabata yomweyo aphunzitsi Remedios anamuimitsa pamsika, maso ali pansi. Mnzawo wophunzitsa kuseri kwa phiri anawauza kuti nawonso akukonza chikondwerero cha alembi, poti cha ku Igtambo chinamveka kutali. Bordoni idzakhalapo. Kuli nkhalamba ina yabwera kumene, yowonda, yodziwa ndakatulo, ndipo yawabwereka kale mphete.