Kachewere pa Tsiku la Katemera

Eliness anaima kumapeto kwa mzere atafungatira kagalu kake, Kachewere, m'chitenje. Linali tsiku la katemera wa chiwewe pa Sharpevale, ndipo bwalo lonse linali phokoso la agalu akuluakulu, ena akuuwa, ena akukoka zingwe. Kachewere, yemwe anali ndi miyezi inayi yokha, ankanjenjemera. Naye Eliness mtima unali m'mwamba, poti anzake a Sitandade 7 anamuuza kuti jakisoni amapha tiagalu.

Atafika kutsogolo, bambo Elson, alangizi a ziweto, sanafulumire kubaya. Anamuyang'ana Kachewere m'maso ndi m'kamwa, n'kumusisita pamimba.

"Akudya bwino? Sakutsekula m'mimba?"

"Ayi, bambo, amadya mpaka kunyambita mbale. Koma safa?"

"Safa, mwana wanga. Wodwala ndiye timayamba tadikira kuti achire. Uyu ali bwino. Mugwire mutu mofatsa, aziyang'ana iwe."

Anatulutsa jakisoni watsopano m'pepala lake, natsina khungu la kumbuyo kwa khosi, n'kubaya. Kachewere anangoti kwe! kamodzi, basi zatha.

"Tsono usachoke," anatero bambo Elson. "Ukhale pamthunzi apo mphindi makumi atatu, ndimuonenso."

Eliness anavomera, koma dzuwa linali litakwera, njala itamugwira, komanso kwawo kunali kutali. Ataona kuti alangizi atanganidwa ndi galu wina wolusa, anazemba.

Sanapite patali. Atangofika pamsewu, anamva kagalu kakudzikanda mwamphamvu. Atavundukula chitenje, anapeza milomo ya Kachewere itatupa, maso atatsala pang'ono kutsekeka. Eliness anabwerera chothamanga, patapata imodzi n'kutsalira m'njira.

"Bambo! Bambo, akufa!"

Bambo Elson anasiya zonse. Anatenga kabotolo kena m'chikwama, n'kumubaya Kachewere pantchafu, kenako anamugoneka pamthunzi. Sanakalipe. Anangokhala pansi pambali pa mtsikanayo, dzanja lili pachifuwa cha kagaluko. Anthu apamzere anadikira.

Pang'ono ndi pang'ono kutupa kunayamba kuphwa. Kachewere anatsegula maso, nanyambita chala cha Eliness.

"Zoterezi sizichitikachitika," anatero bambo Elson. "Koma zikachitika, ndimafuna zindipeze ndili pafupi ndi mankhwala."

Eliness anagwada, misozi ili mbwe.

"Pepani, bambo, ndinathawa. Zikomo kwambiri. Sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji."

"Wachita bwino kubwerera msanga. Dzuka, kagalu kako kakufuna madzi."

Alangizi anabwerera kuntchito yawo. Eliness anakhalabe pamthunzipo, njala ataiiwala. Posakhalitsa anaona mayi wina atanyamula kagalu kongobayidwa kumene, akulunjika kumsewu.

Eliness anasendera, nayala mbali ina ya chitenje chake pansi.

"Mayi," anaitana, "musapite kaye. Bwerani mudzakhale nane pano, malo alipo."