Chofufumitsa Chakuda cha Okbun

Mowa wa mpunga wa Okbun unkawawasa chaka ndi chaka, pomwe kwa mnansi wake anthu ankachita kulimbirana mabakuli. Nsanje inamudya mayiyu. Anayesa chofufumitsa cha tirigu, china cha mpunga chochokera ku Jinju, china chosakaniza nyemba, chilichonse mumtsuko wakewake. Tsiku lonse ankangozungulira mitsukoyo, kununkhiza uwu, kulawa uwo. Wina unatuluka wowawasa, wina wamadzimadzi, wina wonunkha nkhungu, ndipo mpunga wakudya unathera m'kuyesako.

Potsiriza anakwera phiri kukaonana ndi nkhalamba ina yamankhwala.

"Zonse mwayesazo n'zakufa," inatero nkhalambayo, ikumupatsa chibuma chakuda bii. "Ichi n'chamoyo. Chilimwe chilichonse muzichisakaniza ndi tirigu watsopano, wina wa m'nyumba mwanu achiponde m'chikombole monga mwa masiku onse."

"Basi, agogo?"

"Wopondayo mapazi ake sadzaimanso."

Okbun anaganiza za mwamuna wake Deokchil, amene ntchito yake inali kukhala pansi. "Atayendako pang'ono sikulakwa," anatero.

Mowa unakoma, mbiri inafika kumisika yakutali, ndipo Okbun anafolera nyumba ndi mapale. Koma Deokchil chitsikireni pachikombole ankangozungulira bwalo, kudya ali chiyendere.

"Make Malhui, tandigwireni miyendoyi," ankadandaula.

Anamumanga pamzati, chingwe chinaduka. Anakamupeza m'nyengo yachisanu kumudzi wachinayi, atafa, zidendene zitaperepeseka.

Chilimwe chinabweranso. Panyumba panatsala mwana mmodzi yekha, Malhui, namwali wotomeredwa kale. Okbun anagwidwa mantha, n'kubwerera ku zofufumitsa wamba. Ogula analawa n'kulavula.

"Mayi, dzanja lanu lija lapita kuti? Tibwerere kwa anzanu aja?" anafunsa ogulawo.

Mawu amenewo anamubaya. Masiku atatu anazungulira chibumacho. Tsiku lachinayi anaitana mwana wake.

"Samba mapaziwo, undithandize."

Malhui anaponda akuimba. Tsiku laukwati analephera kugwada pamaso pa apongozi. Mapazi anamutulutsa pachipata ali m'zovala zofiira, akucheuka, akuitana mayi ake. Okbun anamuthamangira, koma woyenda wosapuma ungamupeze bwanji? Mayiyo anafera m'misewu ali wamisala, akufunsa apaulendo ngati aona mkwatibwi akudutsa.

Umbombo sukhuta ndi munthu mmodzi. Ukaupatsa amene watopa naye, umabwera kudzatenga amene umamukonda, ndipo umakhala iwe mwini womuitana.