Amene Ankaba Msana wa Chilombo

Khimji, mlamu wanga, ndiye ananditchula wakuba pamaso pa anthu, pamalo omwera tiyi.

Tinkakumba m'khwawa louma kuno ku Kachchh, mmene kalekale munali nyanja. Tinapeza chilombo cha m'madzi chosanduka mwala: mlomo wautali, mano ngati a ng'ona, zipsepse m'malo mwa miyendo. Khimji anali kapitawo wa aphunzitsi a kukoleji, ine, Ranmal, mlonda. Mafupa a msana, obulungira ngati zivundikiro za mitsuko, Khimji anawakulunga m'ziguduli n'kuwandandalika pamchenga, makumi atatu.

Kutacha linasowa limodzi. Mawa lake linanso. Atasowa asanu ndi awiri, Khimji anati ndikugulitsa kwa alendo, Lachisanu abwera ndi apolisi. Abusa a ngamila ankanong'ona zawo: akuti chilombocho chikutolera msana wake, ukakwanira chidzuka kukafuna nyanja yake, ndipo woyamba kumezedwa ndi mlonda.

Ndinasowa choyamba kuopa, ndende kapena icho.

Usiku wa Lachitatu ndinazimitsa nyali n'kukhala tsonga. Mphepo inaleka. Kenako ndinamva tseketseke, ngati mano ouma akugundana. Zii. Kuyambanso, pafupi. China chake chinkafwenthera mumdimamo, chikukwekweza katundu wolemera pamiyala, pang'onopang'ono, kulowera kumene kunagona mutu wa chilombo. Tochi inali m'manja, chala chinakana. Ndinatchula milungu yonse, ndi ya eni ake yomwe.

Kutayera ndinatola munga wautali, wakuda ndi woyera. Nungu. Ndinakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Ndinalondola mkwekwe mpaka pa una wake: mafupa onse asanu ndi atatu ali mbwee pakhomo, ziguduli zitatafunidwa, mwala uli bwinobwino.

Ndinanunkhiza chiguduli chimodzi. Ufa wa mchewere. Aphunzitsi anamutuma Khimji kukagula pulasitala womatira zigudulizo, iye pothawa ulendo wa ku tauni ya Bhuj anamata ndi phala.

Ndinakamukhuthulira mafupawo pamapazi, munga n'kumupatsa m'manja.

"Alamu, wakuba wanu uyu. Kamutengereni apolisi. Koma womuphikira ndinu."

Anawerenga mafupawo kawiri, n'kunena kuti basi, nkhani za apolisi zatha, koma za phalazo aphunzitsi asamve.

"Mukanene pomwe munanenera paja," ndinatero, "kuti Ranmal si wakuba."

"Mawa, alamu."

Chilombo chinapita pa lole, msana wathunthu, ndipo ine tulo ndimagona. Papita mvula ziwiri. Khimji tiyi amamwa pamalo omwe aja tsiku lililonse, ine ndili pabenchi lomwelo. Mawu aja sananenebe.