Malungo Sathyola Nthiti

Chrispine Jere anakhoma ofesi nthawi itapitirira kale naini koloko usiku. Linali Lachisanu, tsiku lotumiza kuboma lipoti la pasabata: amwalira angati, ndipo chawapha n'chiyani. Netiweki inavuta madzulo onse, moti pamene lipotilo limapita, akabaza a pa Nsipe anali ataweruka kalekale. Anakoleka chikwama paphewa n'kuuyamba wapansi, kusiya tala kumbuyo, kulowa msewu wafumbi wopita kumudzi kumene ankachita lendi.

Kunali chisanu cha mwezi wa Juni, chija choluma makutu. M'minda munali mapesi okhaokha, akukhwekhwereza ndi mphepo.

Atatsala pang'ono kufika pamlatho wamatabwa, anamva munthu akutsokomola kumbuyo. Anacheuka. Anali mayi wofunda chitenje kumutu, dzanja limodzi atagwira m'nthiti.

"Achimwene, tiyendere limodzi. Ndekha ndikuopa."

Mtima wa Chrispine unakhala pansi. Anachepetsa liwiro kuti mayiyo amupeze. Ankapuma movutikira mayi uja, ngati mpweya ukudutsa m'bango long'aluka.

"Si inu akalaliki a kuchipatala, olemba akufa?" anafunsa mayiyo.

"Ndine, mayi."

"Sabata ino mwalemba angati?"

Funsolo linamudabwitsa, komabe anayankha. "Asanu. Malungo awiri, chibayo mmodzi, ngozi yapamsewu mmodzi, wina anachita kugwa."

"Nanga ophedwa ndi anthu anzawo?"

"Amenewo amawerenga ndi apolisi."

"Apolisi amawerenga chimene mwawapatsa inu."

Chrispine anawonjezera liwiro. Mayi uja, ndi kupuma kwake kovutako, sanatsalire ngakhale phazi limodzi.

"Tandiuzani, achimwene, inu ophunzira... kodi malungo amathyola nthiti?"

Chrispine anakumbuka.

Zinachitika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Nthawi imeneyo Chrispine anali atangotha mwezi umodzi pantchito, atavutika zaka zinayi akugulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, satifiketi ikudyedwa ndi njenjete m'sutikesi. Tsiku lina anthu anabweretsa mtembo wa mayi wina kuchokera ku Biriwiri. Pepala la namwino linanena poyera: nthiti zitatu zothyoka, magazi okhetsera m'mimba. Koma mwamuna wa malemuyo anali mwini malole onyamula kabichi, mnzawo wa ponda apa n'pondepo wa abwana a chipatalacho. Abwanawo anamuitanira pambali Chrispine. "Ofuna mpando wakowu ndi ambiri kunjaku. Lemba malungo." Analemba. Pepala la namwino analiponya m'chimbudzi. Kupolisi sikunapite kanthu. Nkhope ya malemuyo sanaione n'komwe, iye anangoona mzere m'kaundula, ndipo dzinalo anadzikakamiza kuliiwala. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse ankalemba mawu oti malungo mothamanga, maso ali kumbali.

Tsopano anali pamlatho. Matabwa ankalira pansi pa nsapato zake. Gu. Gu. Gu.

Nsapato zake zokha!

"Amene mwati anagwayo," anatero mayi uja, mawu ali pakhutu penipeni, "mwafunsa kuti anagwa pati? Ndi Tawina ameneyo. Mwini malole uja anamukwatira misozi ya pamaliro isanaume. Nyumba yomweyo. Dzanja lomwelo."

Chrispine anaima pakati pa mlatho.

"Mukanalemba zoona... Tawina bwenzi lero akuyamwitsa mwana wake."

"Mayi... ndinu yani?"



Anapisa dzanja m'thumba. Foni inapulumuka, n'kugwera pathabwa. Anaitola. Anayatsa tochi. Kumanja... palibe. Kumanzere... palibe. Madzi okha pansi pa mlatho. Koma kupuma kuja kunali kukumvekabe. Pafupi. Pafupi kwambiri!

Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Chikwama chinkamumenya pamsana, mapesi ankamukwapula kumaso, sanadziwenso ngati ali mumsewu kapena m'munda. Anakagwera pachigayo cha kumapeto kwa mudzi, pamene a Thomas, alonda achikulire a pamenepo, ankawotha moto wa zitsononkho.

"Akalaliki! Kwagwanji? Achifwamba?"

Anapukusa mutu. Mpweya utabwerera, anafotokoza za mayi wa pamlatho: chitenje kumutu, dzanja m'nthiti, kupuma kwa bango long'aluka. Za kaundula sanatchule.

A Thomas anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndinu wachitatu kumuona. Koma enawo sanawalankhule." Anasonkhezera chitsononkho. "Ameneyo ndi Sibongile. Kwawo n'kutsidya kwa mlathowo, anakwatiwa ku Biriwiri. Tinamuika zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, manda ake ndinakumba nawo ineyo. Amayi ake mpaka lero amakana. Amati, mwana wanga ndinamusambitsa ndekha, ndinaona thupi lake, sanadwale ayi. Anapita kupolisi kawiri konse, kubwerako manja ali m'khosi. Nanga akanatani? Pepala la kuchipatala linati malungo."

Chrispine anayang'ana dzanja lake lamanja. Linali pamwamba pa moto, koma kutentha sankakumva.

"Madala," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina, "pepalalo ndinalemba ndine."